Werama Katatu, Mkwatibwi

Inkar anakumana ndi Rauan pa siteji ya basi mumzinda wa Almaty, m'mawa wina wa Novembala, msewu wonse utakutidwa ndi madzi oundana. Anali atanyamula bokosi lalitali, m'kati mwake muli chisoti cha mkwatibwi chimene anatha masabata atatu akuchisokerera mikanda. Basi itatulukira anati athamange, phazi n'kuterereka. Iye anagwa chagada, koma bokosi silinafike pansi chifukwa mnyamata wina wamtali analiwakha.

Munthu waulemu akanayamba wadzutsa wogwayo. Rauan anayamba wasuzumira m'bokosi.

"Koma Mulungu amayankha msanga," anatero. "Dzulo lomweli mayi anga amandifunsa za mkazi, lero mkwatibwi wandigwera kumapazi ndi chisoti chake chomwe."

"Chisoticho n'cha eni ake," anayankha Inkar akudzisasa. "Ine ndimangosoka."

"Ndiye mudzasoke chanu. Ine ndidikira."

Basi inawasiya onse awiri, ndipo palibe anadandaula.

Rauan anali wa kumzinda wina wakutali wa Shymkent, koma ankagwira ntchito mu Almaty pa kampani ina yogulitsa makina omangira nyumba. Pakamwa pake panali potsekemera, pamenepo sindinganame. Ankamutchula Inkar kuti kangamila kake, ati chifukwa cha maso aakulu onyowa aja. M'mawa uliwonse, mtsikanayo asanafike ku shopu ya Mayi Zauresh kumene ankasoka madiresi aukwati, foni inali italira kale.

"Kangamila kanga, wadzuka? Ine tiyi sandikomera ndisanamve mawu ako."

Masana inkaliranso: "Wadya? Usandiondetsere mkazi wanga."

Tsiku lina atakwera kuphiri, mzinda wonse uli m'munsi mwawo, Rauan anamugwira manja onse awiri n'kulonjeza: "Ngakhale udzakalambe mano onse n'kugweluka, nyama ndizidzakutafunira ndine. Palibe chimene ungandiuze choti n'kundichotsa pambali pako."

Inkar anawasunga mawu amenewo mumtima, chifukwa analidi ndi choti amuuze.

Zaka ziwiri asanakumane ndi Rauan, Inkar anachititsa opaleshoni yokulitsa mabere. Musafulumire kumuweruza. Mtsikana wotandala tsiku lonse akuyeza zifuwa za anzake ndi tepi, n'kumamva azimayi akuyamikira kuti uyu ndiye wadzaza diresi, amayamba kudziyang'ana moipa pagalasi. Chibwenzi chake choyamba chinamusiya n'kumamunena kuti thabwa lositirapo zovala. Inkar analira mokwanira, kenako anapita kwa dokotala wina amene anamuika timatumba tiwiri ta silikoni pansi pa khungu. Mabala anapola bwino, tizipsera n'kubisala m'munsi. Ngakhale mayi ake omubereka, kwawo ku Talgar, sanawauze. Amene anadziwa ndi Mayi Zauresh okha, poti tepi yawo siinama, koma iwo anangomukulitsira yunifolomu n'kutseka pakamwa.

Chaka chitatha, abale a Rauan anafika ku Talgar ndi magalimoto atatu kudzafunsira mbeta. Mayi ake a Rauan, mayi wamfupi wa manja ofunda, anamuveka Inkar ndolo zagolide za timiyala tofiira, zomwe iwonso anavekedwa ndi apongozi awo. Monga mwa mwambo wa kumeneko, mabanja awiriwo anadya chiwindi ndi mafuta a mchira wa nkhosa m'mbale imodzi. Aliyense amadziwa kuti zikafika pamenepo palibenso kubwerera m'mbuyo, pokhapokha mbali ina itapezeka ndi mlandu woti anthu onse angauvomereze. Ukwati anapangana kuti udzakhale mu Juni.

Mayiwo anamukonda Inkar zenizeni. Ankamuimbira foni kawiri pa sabata, sankamutchula dzina lina koma mwana wanga. Chikondi chimenecho n'chimene chinkamulemera kwambiri mtsikanayo. Akanalowa bwanji m'nyumba ya anthu otere ndi chinsinsi pachifuwa?

Chaka chatsopano chitangolowa anatsimikiza zomuuza Rauan. Anakumana masana m'kanyumba kena komwera tiyi. Inkar anapita kukasamba m'manja kuti apezeko mphamvu, foni yake n'kuisiya m'manja mwa Rauan amene ankaonera zithunzi za tsiku la ndolo lija. Pobwerera anamupeza akumwetulira, ndipo asanatsegule n'komwe pakamwa, mnyamatayo analoza ndi chibwano mtsikana wina wa milomo yotupa amene anakhala pakona.

"Ukudziwa chimene ndimakukondera, kangamila kanga? Uli mmene Mulungu anakulengera. Osati atsikana a m'tauni muno, m'kati monse mapulasitiki okhaokha. Mkazi wotero ine sindingamulowetse m'nyumba ya mayi anga. Munthu wonamiza ndi thupi lake lomwe angakuuze zoona pa chiyani?" Anamwa tiyi. "Paja umati uli ndi nkhani?"

"Ayi," anatero Inkar. "Ndimangofuna kukuona."

Akanati chiyani? Nkhani ija anaimeza pamodzi ndi tiyi, n'kudzilimbitsa mtima kuti pakuti sizioneka, mwina sizidzadziwika mpaka kalekale.

Kenako anachita zomwe amachita akwatibwi onse a mu Almaty, kudzimana chakudya kuti adzaoneke bwino pa zithunzi. Anali woonda kale mwachibadwa. Pofika mu Epulo nthiti zinkachita kuwerengeka, iye n'kumanyadira.

Pa shopu ya Mayi Zauresh panali lamulo losaphwanyika. Mkwatibwi akavala diresi, asanayambe n'komwe kudzigomera pagalasi, ankayenera kuwerama katatu manja ali pabondo. Pa tsiku la ukwati, pomuvula mkwatibwi nsalu kumaso, woimba amatchula abale a mwamuna mmodzimmodzi, ndipo mkwatibwi amawerama pa dzina lililonse, chikhamu cha anthu chikuyang'ana. Ku Shymkent mayinawo amapitirira makumi anayi. Diresi lotseguka pakhosi mwini wake akawerama, Mayi Zauresh ankati si diresi koma chipongwe.

Tsiku loyesa diresi lake litafika, Inkar anaima pa kabenchi kamene anaimitsapo atsikana ambirimbiri.

"Werama, mkwatibwi," anatero Mayi Zauresh.

Anawerama koyamba akuseka. Kachiwiri anaona kuti Mayi Zauresh sakuseka. Kachitatu anayang'ana pagalasi.

Pamwamba pa bere lakumanja ndi m'mbali mwake khungu linali litachita mizeremizere ngati malata. Kumanzere kunalinso mizere iwiri yosaoneka kwenikweni. Ataweramuka inazimirira pang'ono. Atawerama inabweranso! Anakhudza ndi chala n'kumva kathumba kakupindika m'kati. Anangokhala pansi pa kabenchi pomwepo diresi lili m'thupi.

"Khosi tikweza," anatero Mayi Zauresh motsitsa mawu. "Diresi ine ndikonza, mwana wanga. Koma mwamunayo umuuze."

M'mawa mwake Inkar anali kuchipatala. Dokotala amene anamupeza anali mayi wachikulire wa magalasi, wosakonda kuzungulira. Anamuuza kuti palibe chaphulika ndipo moyo wake suli pachiswe. Timatumbato tinaikidwa pamwamba pa mnofu, khungu lake n'lopyapyala, ndipo timafuta tochepa timene tinkabisa makwinyawo anatitaya yekha podzimana chakudya. Njira zinalipo ziwiri. Yoyamba inali kutenga mafuta pena pathupi n'kuwaika pamenepo, koma dokotalayo anamutsina pamimba n'kumufunsa kuti mafutawo awatenga pati. Yachiwiri inali kutsegulanso n'kuika timatumbato pansi pa mnofu, koma akanatupa kwa masabata angapo, osanyamula kanthu, osawerama.

"Ukwati wanga watsala masabata asanu ndi awiri, adokotala. Chonde ndithandizeni."

"Ukwati ukatha mubwere. Pakadali pano kadyeni."

Ndiye Inkar anadya. Mtsikana uja ankawerenga tinthu ta m'mbale anayamba kumeza mafuta a nkhosa, timandasi toviika m'kirimu, batala wa pasupuni, mpaka kuthamangira kuseri kukasanza, n'kubwerera kudzadyanso. Koma thupi lina n'lamakani. Zonse zinkangothera m'masaya. Anagula mafuta odzola amene anawaona pafoni, sanathandize. Anadzimanga ndi pulasitala mpaka khungu linachita matuza. Anzake akapita kukadya masana, iye ankadzitsekera m'chipinda chosungira nsalu n'kumaphunzira kuwerama msana uli chilili, kutsogolo kuli kagalasi kosweka. Mizere ija inkabwerabe.

Kasanu ndi kanayi analemba uthenga woulula zonse, kasanu ndi kanayi anaufufuta. Mauthenga a Rauan nawo anali atayamba kufupika. "Ndatanganidwa, wanga." "Tilankhulana mawa." Inkar ankati ndi ntchito, nanga munthu wokonza ukwati satopa?

Kumapeto kwa Meyi anatsanzika pa shopu, poti akatha ukwati ankakakhala ku Shymkent. Ndipo patangotsala masabata awiri, foni inalira. Anali Nazym, mkazi wa mkulu wake wa Rauan, mayi wa pakamwa pakuthwa amene Inkar ankamuopa kuposa apongozi.

"Kamkwatibwi, Loweruka azimayi tonse tikupita ku bafa la nthunzi. Amuna ako ndi amene akonza, akuti watopa, tikakukhule. Ukwere sitima ya Lachisanu, ubwere kuno ku Shymkent."

Inkar anaimbira Rauan. Anayesa kunena kuti sakupeza bwino, kuti nthunzi imamupweteketsa mutu, kuti chisoti sichinathe.

"Ukawakane amayi?" anatero Rauan akuseka. "Kangamila kanga, ukuopa chiyani? Uli ndi chobisa?"

"Rauan, ndili ndi nkhani. Ndimvere kamodzi kokha."

"Udzandiuza tikakwatirana. Moyo wonse ndi wathu." Foni inaduka.

Anakwera sitima ya Lachisanu.

M'bafamo munali mayi ake a Rauan, azakhali awiri, ndi Nazym. Inkar anadzikulunga thaulo mpaka m'khwapa n'kukhala pakona pamene nthunzi inali yambiri, akupemphera kuti tsikulo lithe. Azakhali ankaseka, kufunsana za ana ndi maondo opweteka.

"Tonse muno ndife akazi," anatero Nazym. "Ukubisa chiyani, golide?" Anakoka thaulo lija.

Inkar anaima njo, mapewa m'mbuyo. Ali chiimire sipankaoneka kanthu kwenikweni, moti azakhali ena anachita kuyamikira kuti Rauan ali ndi diso. Mtima wake unayamba kubwerera m'malo. Mwina akanapulumuka?

Koma mkamwana wamng'ono ndiye amasambitsa apongozi kumsana, zimenezo sizikambidwa n'komwe.

"Mwana wanga, tanditsira madzi," anatero mayi ake a Rauan atakhala pa kampando kafupi.

Beseni linali pansi, lodzaza. Inkar anayesa kunjuta kuti alinyamule msana uli wowongoka, koma linali lolemera, ndipo munthu wokhala pansi sungamutsire madzi uli chilili. Anawerama.

Kuseka kunatha. Munkangomveka madzi akudontha.

Mayi aja anatembenuka n'kumugwira dzanja. "Mwana wanga, ukudwala? N'chotupa chimenechi? Bwanji osandiuza?"

Akanamukalipira mwina akananama. Koma chifundo chimenecho chinamuthyola. Anagwada pa simenti yonyowa n'kunena zonse, za thabwa lositirapo, za opaleshoni, za dokotala wa magalasi, akulira mosadzigwira.

"Ndimadabwa ine," anatero Nazym. "Thupi ngati udzu, chifuwa ngati mayi woyamwitsa. Tinatsala pang'ono kulowetsa malata m'nyumba."

Azakhali ena anafunsa ngati munthu wotere angayamwitse mwana. Inkar anayankha kuti dokotala anati angathe, koma palibe ankamumvanso. Mayi aja anafunsa funso limodzi lokha.

"Rauan akudziwa?"

"Ayi, amayi."

M'chipinda chovalira, mayiwo anamuvula ndolo ndi manja awo omwe aja ofunda. Ndolo yakumanzere inawavuta kumasula, ndipo misozi inkatsika m'masaya mwawo. Sananene mawu achipongwe ngakhale amodzi. Zimenezo zinamupweteka Inkar kuposa mawu a Nazym.

Uthenga wa Rauan unamupeza ali m'sitima yobwerera. "Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha, choonadi. Wandichititsa manyazi pamaso pa mayi anga. Usandiimbirenso."

Anaimba. Anaimba mpaka foni inatha moto. Atafika ku Almaty analemba: "Rauan, unati palibe chimene ndingakuuze choti n'kukuchotsa pambali panga. Unatero kuphiri kuja." Analembanso: "Ndikachotsa, ndikakonza, chilichonse chimene ungafune. Ndalakwa, mtima wanga." Anapita kuntchito kwa Rauan, mlonda n'kumuuza kuti bwanayo kulibe, galimoto yake ili poteropo. Ku Talgar bambo ake anasiya kumulankhula, mayi ake ankangolira n'kumabweza mphatso za anthu.

Patatha masabata atatu yankho linabwera, la mzere umodzi: "Mwina ukadzakhala bwino tidzakambirana."

Munthu wina akanaona kuti awa ndi mawu ongomuchotsera pakhomo. Inkar anawagwira ndi manja awiri. Ankawawerenga podzuka, ankawawerenga pa basi. Anabwerera kwa Mayi Zauresh mutu uli pansi, iwo sanafunse kanthu, anangomukoleka tepi m'khosi. Nyengo yonse yotentha anadya ngati ntchito, ndipo pang'onopang'ono thupi linagonja. Mu Seputembala dokotala wa magalasi anamutsinanso pamimba n'kunena kuti tsopano pali potenga. Anamupatsa tsiku, Lachinayi la sabata yotsatira. Inkar anatuluka m'chipatala akumwetulira koyamba m'miyezi itatu. Uthenga wopita kwa Rauan anaulemberatu n'kuusunga: "Ndakhala bwino, wanga. Tikambirane."

Lolemba masana Mayi Zauresh anapita kukasankha nsalu, Inkar n'kutsala yekha. Chitseko chinatseguka, kunalowa mtsikana wokongola, woonda, wa nsangala ngati mwana.

"Ndine Moldir, ndabwera kudzayesa diresi. Alamu akusaka poimika galimoto. Akuti m'dziko lonse lino shopu yodziwa diresi la kuwerama ndi ino yokha."

Inkar anamulowetsa m'chipinda choyesera n'kumupempha kuti akweze tsitsi. Mtsikanayo anakweza.

Ndolo zagolide, timiyala tofiira.

Tepi inagwa pansi. Inkar anaitola akudziuza kuti ndolo zofanana zilipo zambiri. Ali mkati moganiza choncho foni ya Moldir inalira, mwini wake n'kuwerenga mokweza akuseka: "Kangamila kanga, wafika? Usandiondetsere mkazi wanga." Anaiponya pampando. "Rauan ameneyo. Sandipatsa mpata."

Inkar analowetsa mapini asanu pakamwa. Munthu wa mapini pakamwa safunsidwa chifukwa chimene wakhalira chete. Anangofunsa ndi m'mbali mwa mlomo kuti anadziwana liti.

Moldir anali wolankhula. Anati anadziwana mu Disembala pa phwando la kampani, poti eni kampaniyo ndi bambo ake. Anati zinachedwa chifukwa panali kamtsikana kena kamene kankamukakamira Rauan, ndipo mayi ake ndi amene ankakafuna.

"Anasowa potulukira, paja anali atadya kale chiwindi. Akanangomusiya, mlandu ukanakhala wake. Mwayi wake mu Januwale anaona uthenga wa kuchipatala pafoni ya mtsikanayo, womukumbutsa kukayezetsa. Ndiye anangodikira, n'kukonza zoti azimayi akadzionere okha ku bafa." Anaseka. "Alamu amamutchula kuti wa malata."

Januwale! Tsiku la tiyi lija, kumwetulira kuja, mawu aja a mapulasitiki. Ankadziwa! Anamutseka pakamwa dala kuti asaulule yekha, chifukwa woulula yekha amakhululukidwa. Mafuta onse anameza aja, matuza a pulasitala, kugwada pa simenti yonyowa, zonsezo ankavutikira munthu amene anali atachoka kalekale. Koma manja a Inkar ozolowera anapitiriza kumasula mabatani a bulawuzi ya Moldir.

Ndipo m'munsi mwa mabere anaona tizipsera tiwiri, tatsopano, tofiirira.

Moldir anaona kumene maso a Inkar apita, nanong'ona: "Chonde musawauze alamu. Rauan ndi amene anandiperekeza mu Febuluwale, saizi anachita kusankha yekha. Akuti bola zanga zinapangidwa bwino, sizingadziwike."

Mu Febuluwale Inkar ankagona ndi apulo limodzi m'mimba kuti adzamukongolere mwamuna ameneyo.

Anamuveka diresi, n'kumukweza pa kabenchi, n'kulavulira mapini m'manja.

"Weramani katatu, manja pabondo."

Moldir anawerama koyamba akuseka. Kachiwiri ndolo zinagwedera. Kachitatu, m'mbali mwa bere lakumanzere, munaoneka kamzere kamodzi kakang'ono, koti munthu wina aliyense sakanakaona. Inkar ankakadziwa kamzere kameneko monga adziwira dzina lake.

Nthawi yomweyo katani inakankhidwa, Nazym n'kulowa makiyi ali m'manja. Ataona Inkar anauma. Iye ankadziwa kuti mtsikanayo anasiya ntchito mu Meyi. Koma Nazym si munthu wosowa chonena nthawi yaitali.

"Diresi lili bwanji?" anafunsa akuyang'ana kumbali.

Liwu limodzi likanakwana. Kungonena kuti achemwali, bwerani muone, weramaninso mkwatibwi. Ndolo zikanavulidwanso, Rauan akanayaluka, ndipo kunena zoona Inkar anazilakalaka ndi mtima wake wonse. Anayang'ana Moldir, nthiti zake zowerengeka, maso ake akumupempha kuti asunge chinsinsi.

"Khosi tikweza," anatero.

Nazym anatuluka msanga kukadikira kunja, ati mukutentha. Inkar anapita kumbuyo kwa Moldir kukamasula timabatani ta diresi, n'kulankhula pafupi ndi khutu lake.

"Muzidya, mng'ono wanga, musaondenso. Ndipo tsiku limene adzakuuzeni kuti mwatopa, azimayi akakukhuleni ku bafa, mudzadziwe kuti wapeza wina."

Moldir anatembenuka. "Inu mwadziwa bwanji zoti anati mtsikana uja watopa? Ine sindinanene zimenezo."

"Wa malata uja ndine."

Mtsikanayo sanasekenso. Anavala zovala zake mwakachetechete, mabatani n'kuwasemphanitsa. Potuluka dzanja lake linali pa ndolo yakumanzere, ndipo Nazym atamufunsa kuti chavuta n'chiyani anangomupitirira.

Inkar anatsala yekha ndi diresi la mnzake m'manja. Analira, ndipo sanadzibise, poti munalibe womuona. Misozi itaphwa anatenga foni, n'kufufuta uthenga uja anausunga. M'malo mwake analemba mawu awiri okha n'kutumiza: "Ndolo zamukhala."

Sipanathe mphindi, foni inayamba kulira. Pa galasi lake panalembedwa kuti Mtima Wanga. Miyezi itatu anapempherera kulira kumeneko, ankagona foni ili m'manja, ankadzidzimuka pa basi foni ya munthu wina ikalira.

Anaiika chafufumimba pa tebulo. Anakoleka diresi pa chidole chovekera zovala, analowetsa mapini pakamwa, n'kuyamba kukweza khosi. Foni inalira mpaka inatopa, n'kuyambiranso.